Kodi nyenyezi nazo zimatulutsa X-ray? Yankho kwa achemwali a ku Katoto

Funso lawo linali lakuti: "Ine ndimagwira ntchito yojambula X-ray pachipatala china kuno ku Mzuzu. Ndinamva pa pulogalamu ina kuti nyenyezi zikuluzikulu zotentha kwambiri zimatulutsa X-ray. Ndiye ndakhala ndikudabwa, ifeyo kuti X-ray ituluke timafunika makina, chubu ndi magetsi amphamvu, nanga nyenyezi imapanga bwanji? Ndi kutentha kokhako basi? Komanso ma X-ray amenewo satifika kuno n'kutipweteka?"

Yewo achemwali, funso lanu landisangalatsa kwabasi, makamaka pamene mwati "ndi kutentha kokhako basi", chifukwa pomwepo ndi pamene akatswiri a zakuthambo anakakamira zaka zambiri. Koma ndiyambe ndi la manthali kuti tithane nalo msanga. Ayi, satifika, olo pang'ono. Mpweya umene watiphimbawu ndi wochuluka kuposa mmene timauganizira, kulemera kwake ndi chimodzimodzi madzi akuya pafupifupi mamita 10, ndipo ngakhale kuno ku Mzuzu kumene tili pamtunda wa mamita oposa 1,200 gawo lalikulu la mpweyawo likadali pamwamba pathu. Komanso ma X-ray a nyenyezi zimenezi ndi ofewa, ambiri mphamvu yawo ili cha pa 1 keV (muyeso wa mphamvu ya X-ray) kapena kucheperapo, pamene inuyo pojambula pachifuwa makina mumawaika cha pa 100 kV kapena kupitirira. X-ray ya 1 keV singadutse ngakhale mpweya wa m'chipinda chanu chojambuliramo, imathera m'masentimita ochepa chabe. Ndiye pamenepo mtima pansi.

Chitetezo chomwechi n'chimene chinachedwetsa anthu kudziwa kuti kumwambaku kuli ma X-ray. Wilhelm Röntgen anatulukira X-ray mu 1895 ku Würzburg ku Germany, madokotala anayamba kuigwiritsa ntchito pasanathe ndi chaka chomwe, koma a zakuthambo anadikira mpaka nthawi ya maroketi. Munali mu 1962 pamene gulu la Riccardo Giacconi linaponya roketi n'kupeza chinthu choyamba chowala ndi X-ray kutali kunja kwa dzuwa ndi mapulaneti ake, chimene anachitcha Scorpius X-1. Setilaiti yoyamba yopangidwira ntchito imeneyi yokha inanyamukira kuno kwathu ku Africa, panyanja pafupi ndi Malindi ku Kenya, pa 12 December 1970, tsiku limene Kenya imakumbukira ufulu wake, n'chifukwa chake anaitcha Uhuru. Ndimakonda kuwauza ana asukulu zimenezi chifukwa ambiri amaona ngati za mlengalenga sizinatikhudzepo ife.

Tsopano pa kutentha paja. Dzuwa lathu pamwamba pake ndi madigiri pafupifupi 5,500. Nyenyezi zimene mukunenazo, za gulu limene timalitcha O, zimayambira cha pa 30,000 kukafika pafupifupi 50,000, zimalemera kuposa dzuwa ka 20, ka 40, zina kupitirira apo, ndipo m'maso zimaoneka zoyera mopendekera ku buluu. Mukamva manambala amenewa mutha kunena kuti basi nkhani yatha, n'zotentha ndiye zikutulutsa X-ray. Koma ayi ndithu. Chinthu cha madigiri 40,000 kuwala kwake kochuluka kumakhala kwa ultraviolet, ndipo mukawerengera kuti pa kutentha kumeneko pangatuluke X-ray wochuluka bwanji mupeza kuti ndi zero tingoti. Kuti gasi awale ndi X-ray amafunika madigiri 1 miliyoni kupita m'mwamba. Mwina muti nanga m'kati mwa nyenyezimo si motentha mamiliyoni ambiri, eya ndi zoona, koma kuwala kwa m'katimo sikutuluka mmene kunabadwira, kumamezedwa n'kulavulidwa kambirimbiri panjira mpaka kukafika pamwamba kutazizira kale.

Dzuwa lathu limatulutsa X-ray ngakhale ndi lozizirapo, chifukwa lili ndi chimene timati corona, gasi wopyapyala wolizungulira wa madigiri 1 mpaka 2 miliyoni. Amene amamutenthetsa ndi maginito a dzuwa, ndipo maginitowo amabadwa chifukwa chigawo chakunja cha dzuwa chimawira, gasi wotentha kukwera wozizira kutsika, uku dzuwalo likuzungulira. Nyenyezi za gulu O zilibe chigawo chachikulu chowira choterocho kunja kwake, mphamvu imangodutsa ngati kuwala. Ndiye malinga ndi nzeru ya nthawi imeneyo sizinkayenera kukhala ndi corona, ndipo popanda corona X-ray ichokera kuti.

Kenako mu November 1978 NASA inaponya telesikopu ya X-ray yotchedwa Einstein Observatory. Akuiyesa ntchito analozetsa ku chinthu china chowala kwambiri chotchedwa Cygnus X-3, ndipo pachithunzipo panatulukira timadontho tina tam'mbali timene sankatiyembekezera. Atayang'ana pa mapu anapeza kuti ndi nyenyezi za gulu O za m'khamu lotchedwa Cygnus OB2. Mu 1979 anapezanso zina ku Carina. Patapita zaka zowerengeka chinthu china chinaonekera chimene mpaka lero chimagwirabe ntchito: pafupifupi nyenyezi iliyonse ya gulu O, mukatenga kuwala kwake konse n'kukugawa m'magawo 10 miliyoni, gawo limodzi ndi X-ray. Kagawo kakang'ono zedi, koma poti nyenyezizo ndi zowala modabwitsa, kagawo komweko kamaposa X-ray yense wa dzuwa lathu kamasauzande ambirimbiri.

Yankho lake lili mu mphepo. Si mphepo ngati mwera wa kunyanja ayi, ndi gasi wa nyenyeziyo amene akuchoka pamwamba pake n'kumapita osabwereranso. M'zaka za m'ma 1960 Donald Morton anaponya roketi yoona kuwala kwa ultraviolet n'kuloza nyenyezi za ku Orion, kuphatikizapo za pamzere wa zitatu zija makolo amati Akamwiniatsatana, ndipo anapeza kuti gasi akuthawa pa nyenyezizo pa sipidi yoposa makilomita 1,000 pa sekondi. Titenge imodzi imene yafufuzidwa kwambiri, Zeta Puppis, ena amaitcha Naos, imene imaoneka bwinobwino ndi maso kuno kwathu chakumwera, kum'mawa kwa mzere wochoka pa Sirius kupita pa Canopus. Kuwala kwake kumatenga zaka zoposa pang'ono 1,000 kuti kutifike. Pamwamba pake ndi madigiri pafupifupi 40,000, mphepo yake imafika makilomita 2,250 pa sekondi, kutanthauza kuti ulendo wochoka pano kukafika kumwezi ingauthe maminitsi atatu asanakwane, ndipo chaka chilichonse nyenyeziyi imataya gasi wolemera pafupifupi ngati dziko lathu lonseli. Dzuwa nalo lili ndi mphepo, koma limataya zochepa ka 100 miliyoni poyerekeza ndi imeneyi.

Chimene chimakankha mphepoyi ndi kuwala kwenikweniko. Kuwala kumakankha chinthu chimene kwagundapo, kungoti kuno kwathu mphamvuyo ndi yochepa moti sitiimva, koma pamwamba pa nyenyezi yowala kuposa dzuwa ka 400,000 kapena kuposa apo nkhani imasintha. Mu gasi wa pamwambapo, kupatula haidirojeni ndi hiliyamu amene ndi ochuluka, muli ma atomu ochepa a kaboni, naitirojeni, okosijeni, silikoni ndi ayironi amene ataya ma elekitironi angapo koma atsala ndi ena. Atomu yotere imameza kuwala kwa ultraviolet pa utali wa funde wake wokha wodziwika, umene timautcha mizere. Ikameza imakankhidwira kunja, kenako imakulavula kuwalako mbali ina iliyonse mwachisawawa, ndiye zikachitika kambirimbiri zotsatira zake n'zakuti atomuyo ikutalikira nyenyezi basi, ndipo poti ili ndi chaji imakoka haidirojeni ndi hiliyamu uja n'kupita nawo limodzi. Apa pali kachinsinsi kamene kamapangitsa zonsezi kutheka. Atomu ikayamba kuthamanga kuchoka pa nyenyezi, kuwala kochokera kumbuyo kwake imakuona ngati funde lake latalika pang'ono, zimene timati Doppler, choncho imasiya kudalira kuwala kumene anzake a m'munsi ameza kale, imayamba kumeza kwina kwatsopano kumene palibe amene wakukhudza. Leon Lucy ndi Philip Solomon anafotokoza ganizoli mu 1970, ndipo John Castor, David Abbott ndi Richard Klein analiika m'masamu athunthu mu 1975, masamu amene tikugwiritsabe ntchito.

Ganizo loyamba lofotokoza ma X-ray aja linali losavuta, lakuti mwina pansi penipeni pa mphepo, pomwe yangochoka pa nyenyezi, pali ka corona kopyapyala. Joseph Cassinelli ndi Gordon Olson analemba zimenezo mu 1979, ndipo anali ndi chifukwa chabwino, chifukwa mu mphepo zimenezi munkaoneka okosijeni wotaya ma elekitironi asanu, zimene kutentha kwa nyenyeziyo pakokha sikungachite, pamafunika X-ray kuti awathothole. Pa zoti X-ray ilipo analondola. Pa malo amene ikuchokera ndi pamene zinavuta, ndipo inuyo achemwali muona vutolo msanga kuposa anthu ambiri. Ngati X-ray ikubadwira pansi, iyenera kudutsa mphepo yonse kuti ituluke, ndiye yofewa ija ikanamezedwa yonse panjira n'kutsala yolimba yokha, monga mmene fyuluta ya aluminiyamu ya pa chubu chanu imachotsera yofewa isanafike pa wodwala. Koma matelesikopu ankaona X-ray yofewa yambiri ikutuluka. Ndiye kuti ikubadwira m'kati mwa mphepo momwemo, m'malo ambirimbiri, ina kutali ndithu ndi nyenyezi.

Nanga mphepo imene kutentha kwake ndi madigiri masauzande makumi ochepa ingapeze kuti mamiliyoni? Apa ndi pamene ine nkhaniyi imandikoma. Kachinsinsi ka Doppler kaja kali ndi mbali ina. Aliyense amene analimapo chimanga chothinana amadziwa kuti phesi limodzi likangowapitirira anzake pang'ono limalandira dzuwa lambiri, likalandira lambiri limakula msanga, likakula limawaphimba anzake aja n'kuwasiya kutali. Mu mphepo ya nyenyezi zimachitika chimodzimodzi. Kagulu ka gasi kakangothamanga pang'ono kuposa koyandikana nako kamatuluka mumthunzi wa gasi wa m'munsi, kamalandira kuwala kochuluka, kamakankhidwa kwambiri, kamathamangiranso, n'kutulukiratu mumthunzimo, ndipo zimenezi zimakula mofulumira kwambiri moti mphepo yosalala bwinobwino singakhalitse, imang'ambika yokha. Gasi wothamanga uja amakapeza wina woyenda pang'onopang'ono kutsogolo kwake n'kumuwomba. Lucy ndi Richard White ananena mu 1980 kuti ma X-ray akuchokera pa kuwombana kwa m'mphepo, ndipo mu 1988 Stanley Owocki, Castor ndi George Rybicki anazionetsa pa kompyuta, mphepo ikusanduka zigawo zothithikana zokhala ndi mipata yopanda kanthu pakati pake. Mu 1997 Achim Feldmeier ndi anzake anaonjezera kuti X-ray yokwanira imatuluka makamaka timibulu ta gasi tothamanga tikawomba zigawo zothithikana zija.

Masamu a kuwombanaku ndi achidule. Mu gasi wa mphepoyi phokoso limayenda makilomita pafupifupi 20 pa sekondi, pamene magulu a gasi akuwombana mosiyana sipidi ndi makilomita mazana angapo pa sekondi, ndiye wa kutsogolo uja salandira chenjezo lililonse kuti apatuke, amangoombedwa mwadzidzidzi, ndipo timati papangika shock. Mphamvu ya kuthamanga imasanduka kutentha nthawi yomweyo. Kusiyana kwa sipidi kukakhala makilomita 300 pa sekondi kutentha kumapitirira pang'ono madigiri 1 miliyoni, pa 500 kumapitirira 3 miliyoni, pa 1,000 kumafika pafupifupi 14 miliyoni, chifukwa sipidi ikawirikiza kawiri kutentha kumawirikiza kanayi. Ndipo zimene matelesikopu amapeza pa nyenyezi za gulu O zokhala pazokha ndi madigiri mamiliyoni ochepa, zogwirizana ndendende ndi kuwombana kwa makilomita mazana angapo pa sekondi.

Mukayerekeza ndi makina anu muona kuti fizikisi yake ndi yomweyo, chosiyana ndi chimene chikuthamangitsa ma elekitironi. Mu chubu chanu magetsi amawathamangitsa n'kukawomba tungsten, akamabwezedwa sipidi amatulutsa X-ray imene timati bremsstrahlung, ndipo ena akathothola elekitironi ya m'kati mwa atomu mumapeza mizere ya tungsten ija. Ku nyenyezi kulibe waya kapena tungsten, ma elekitironi akuthamanga chifukwa gasi watentha. Akadutsa pafupi ndi phata la atomu n'kukhota amatulutsa bremsstrahlung yomweyo, akawomba atomu ya okosijeni, neon, maginiziyamu, silikoni kapena ayironi imene yatsala ndi ma elekitironi ochepa amakweza elekitironi m'mwamba, ikamabwerera pamalo pake n'kutulutsa X-ray ya mzere wodziwika. Pa nyenyezi zimenezi mizereyo ndi imene imanyamula gawo lalikulu. Ndipo gasi amene ali wotentha choncho pa nthawi imodzi ndi kagawo kakang'ono chabe ka mphepo yonse, amawala, n'kuzizira msanga, kwina kukuyambika kuwombana kwatsopano.

Kwa zaka 20 zonsezi zinali ganizo labwino koma lopanda umboni wogwirika, chifukwa matelesikopu akale monga Einstein ndi ROSAT ya ku Germany ya mu 1990 sankatha kulekanitsa mizere ija bwinobwino. Zinasintha mu 1999 pamene Chandra ya NASA inanyamuka mu July ndipo XMM-Newton ya ku Ulaya inatsatira mu December. Ziwirizi zimatha kumwaza X-ray molingana ndi kutalika kwa funde lake mpaka mzere uliwonse kuonekera pawokha. Pa nyenyezi zokhala ndi corona ngati dzuwa mizereyo imakhala yopyapyala chifukwa gasi wagwidwa ndi maginito, sakupita kulikonse. Pa Zeta Puppis inatuluka yotambalala kwambiri, kusonyeza kuti gasi wotenthayo akuthamanga makilomita 1,000 pa sekondi ndi kupitirira, wina akubwera kuno wina akupita uko. Kuchokera ku mizere ina yapadera anathanso kuyeza kuti gasiyo ali patali bwanji ndi nyenyezi, n'kupeza kuti kuwombana kumayambira cha pa theka la rediyasi ya nyenyeziyo (mtunda wochoka pakati pake kufika pamwamba) kuchoka pamwamba pake, pomwe makompyuta aja ankanena. Chinanso, kuwala kwa X-ray kwa nyenyezi zimenezi sikuphethira kwambiri, kumangosintha pang'ono, zimene zikutanthauza kuti kuwombanaku kukuchitika m'malo masauzande ambirimbiri nthawi imodzi, kwina kukazima kwina kwayaka.

Tsono gawo limene ndikufuna mulimvetsetse kwambiri ndi ili, chifukwa ndi limene limachititsa kuti kagawo kamodzi mwa 10 miliyoni kaja kakhale kofunika. Gasi wotentha ali mbali zonse za nyenyezi. Wa mbali ya kuno akubwera kwa ife, ndiye X-ray yake imasunthira ku funde lalifupi. Wa kuseri akuthawa, X-ray yake imasunthira ku funde lalitali, komanso kuti itifike iyenera kudutsa mphepo yambiri yozizira imene imaimeza. Choncho mzere uja umatifika wopendekera, mbali ya funde lalitali itadyeka. Kudyekako kukachuluka ndiye kuti mphepo ndi yothithikana, kukachepa ndi yopyapyala. Ndi lamulo lomwelo limene limapangitsa fupa kuoneka loyera ndipo mapapo akuda pa chithunzi chanu, kungoti apa gwero la X-ray lili m'kati mwa chinthu chimene chikujambulidwacho. Ndiye poyeza kupendekera kwa mzere timadziwa kuti nyenyezi ikutaya gasi wochuluka bwanji.

Mizere ya Chandra itafika inali yopendekera ndithu koma osati mmene ankayembekezera, ndipo izi zinasokoneza anthu. Njira zakale zoyezera mphepo, za kuwala kofiira kwa haidirojeni ndi za mafunde a wailesi, zimadalira kuthithikana kwa gasi kuchulukitsa ndi kuthithikana komweko. Tiyeni tiyese ndi manambala ang'onoang'ono. Malo awiri, aliwonse ali ndi gasi 1, mupeza 1 kuphatikiza 1, ndi 2. Gasi yemweyo mumuunjike malo amodzi ena akhale opanda kanthu, mupeza 2 kuchulukitsa 2, ndi 4. Gasi sanachuluke koma chizindikiro chawirikiza. Ndiye poti mphepo ndi ya mibulumibulu, njira zakale zinkanamizidwa n'kumawerenga zambiri. Kumezedwa kwa X-ray sikunamizika choncho, kumangowerenga kuchuluka kwa gasi amene wadutsidwa. Mu 2010 David Cohen ndi anzake atayeza mizere ya Zeta Puppis anapeza kuti ikutaya zosakwana theka la zimene mabuku ankanena, ndipo nyenyezi zina za gulu O zinasonyezanso kutsika kotere.

Wina angati theka kaya zonse pali kusiyana kwanji, koma ine ndimati apa ndi pamene pagona tsogolo lonse la nyenyeziyo. Nyenyezi zimenezi zimakhala zaka mamiliyoni ochepa chabe, pamene dzuwa lathu moyo wake ndi zaka pafupifupi 10 biliyoni. Tingoyerekeza nyenyezi yobadwa yolemera ngati madzuwa 60. Ikamataya madzuwa 8 pa zaka 1 miliyoni zilizonse, pofika zaka 3 miliyoni yataya 24, koma ikamataya 3 yangotaya 9. Imeneyi ndi nyenyezi ina ndi ina, kasendedwe ka chikopa chake cha haidirojeni ndi kosiyana, mtundu wa supernova, kuphulika kwake komaliza, ndi wosiyana, ndipo black hole imene idzatsale, chotsalira chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo, kulemera kwake n'kosiyana. Mu September 2015 makina a LIGO a ku America atamva kugundana kwa ma black hole awiri olemera cha pa madzuwa 30 iliyonse, funso loyamba linali lakuti nyenyezi zimene zinawabereka zinasunga bwanji kulemera konseko, ndipo gawo lalikulu la yankho ndi mphepo zofooka. Poti chimene chimagwira kuwala ndi ma atomu a ayironi ndi anzake aja, nyenyezi zobadwira kumene ma atomuwo ndi ochepa zimakhala ndi mphepo yofooka. Timaziona zimenezi mu Magellanic Clouds, timitambo tiwiri toyera timene timaoneka chakumwera madzulo a November ndi December mukakhala kutali ndi magetsi a m'tauni, monga cha ku Chikangawa.

Zonse ndanenazi ndi za nyenyezi yokhala payokha yopanda maginito amphamvu. Pali zina zochepa, zosakwana imodzi mwa 10 zilizonse, zimene zili ndi maginito amphamvu kwambiri, ndipo chitsanzo chotchuka ndi Theta-1 Orionis C, nyenyezi imene imawalitsa Orion Nebula, kamtambo kaja kali pakati pa tinyenyezi tolendewera pambali pa Akamwiniatsatana. Maginito ake ndi a magauss pafupifupi 1,000, pamene a dziko lathu ndi theka la gauss imodzi. Gasi wokhala ndi chaji sangadule mizere ya maginito mwachisawawa, amaitsatira, ndiye mphepo yochokera kumpoto kwa nyenyeziyo ndi yochokera kumwera zimakhotetsedwa n'kukakumana pakati maso ndi maso. Kuwombana kwake ndi kwamphamvu kuposa kuja kopezana panjira, kutentha kumafika madigiri pafupifupi 30 miliyoni, ndipo X-ray yake imakwera ndi kutsika pa masiku 15.4 alionse mmene nyenyeziyo ikuzungulira. Jacques Babel ndi Thierry Montmerle anafotokoza zimenezi mu 1997 maginitowo asanayezedwe n'komwe, ndipo Jean-François Donati ndi anzake anawayeza mu 2002. Orion amadutsa pafupifupi pamutu penipeni kuno madzulo a January ndi February, kungoti ndi dzinja mitambo ya Mzuzu mukuidziwa, ndiye ine ndimalangiza anthu kuti adzuke m'bandakucha mu September kuthambo kuli mbee, amupeza ali pamwamba chakum'mawa, ndipo ndi mabainokyula wamba kamtamboko kamaoneka.

Palinso gulu limene mphepo ya nyenyezi yaikulu imagwera pa neutron star, chotsalira chaching'ono chothithikana cha nyenyezi yophulika, kapena black hole yoizungulira, monga Vela X-1 ndi Cygnus X-1. Amenewo amawala ndi X-ray kuposa zonse tanenazi kutalitali, koma mphamvu yake ikuchokera ku kugwa kwa gasi m'chikoka champhamvu, ndi nkhani ina payokha.

Zambiri mwa nyenyezi zikuluzikulu zimabadwa ziwiriziwiri, ndipo zonse zikakhala ndi mphepo, mphepozo zimakumana pakati pa sipidi yake yonse. Gamma Velorum, imene imawala bwino pafupi ndi Zeta Puppis, ndi nyenyezi ya gulu O ndi ina ya mtundu wa Wolf-Rayet yosendeka kale chikopa, zimazungulirana pa masiku 78.5. Nyenyezi zina ziwiri zotchedwa WR 140 zimayandikana kamodzi pa zaka pafupifupi 8, ndipo ulendo uliwonse gasi wopanikizidwa uja akazizira amapanga fumbi, moti telesikopu ya James Webb mu 2022 inajambula mikombero 17 ya fumbilo itandondozana. Koma imene ine ndimaitsatira kwambiri ndi Eta Carinae, imene kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 7,500 kutifika. John Herschel ali ku Cape ku South Africa anaiona ikuwala mwadzidzidzi mu December 1837, pofika 1843 inali yachiwiri kuwala usiku kuposedwa ndi Sirius yekha, ndipo pa kuphulika kumeneko inataya gasi wolemera kuposa madzuwa 10 koma siinafe. Mu 1996 Augusto Damineli wa ku Brazil anaonetsa kuti kuwala kwake kumasintha pa zaka 5.5 zilizonse, ndipo ma X-ray ndi amene anathandiza kwambiri kutsimikiza kuti muli nyenyezi yachiwiri. Yaikuluyo mphepo yake ndi yothithikana koopsa koma yoyenda pang'onopang'ono, makilomita 400 ndi kanthu pa sekondi, sipidi imene singapereke madigiri mamiliyoni makumi angapo amene matelesikopu amayeza kumeneko. Pamafunika mphepo ina ya makilomita pafupifupi 3,000 pa sekondi, ndiye kuti pali mnzake wotentha wobisika m'gasimo, amene sitinamuonepo mwachindunji koma sipidi ya mphepo yake tikuidziwa chifukwa cha X-ray.

Ziwirizi zikamayandikana X-ray imakwera kwa miyezi ingapo, kenako imagwa mwadzidzidzi kwa masabata angapo pamene wamng'onoyo walowa m'kati mwa mphepo yothithikana ya wamkulu, ndipo zachitika choncho mu 2003, 2009, 2014 ndi 2020, mwa ndondomeko yomweyo kuyandikana kwina kunagwera mu 2025 ndipo kotsatira ndi koyambirira kwa 2031. Eta Carinae yakhala ikuwalirawalira m'zaka zapitazi moti pano imaoneka ndi maso pamalo amdima. Muifune madzulo a April ndi May, mutayang'ana kumwera, kudzanja lamanja la Southern Cross m'kati mwa Mlalang'amba, pa kamtambo kowala ka Carina Nebula, imakwera mpaka madigiri pafupifupi 40 kuchoka pansi mukakhala kuno ku Mzuzu.